Mabatire Awiri

Mvula idayamba sabata imene mitengo ya m'mapiri idatulutsa masamba anthete, ndipo idakana kukata. Mphepo inkasasula malata, nkhungu n'kumagona pamsewu ngati kwawo. Tsabola, dalaivala wa minibasi, ankayendetsa mutu uli kunja kwa windo.

Dzina limenelo sadalitole panjira. Lachitatu m'mawa adafika pampiringidzo, pamene msewu umayamba kutsetsereka, n'kupeza patsekedwa. Mlonda wa pamenepo adali mlamu wake, mwamuna wa achemwali ake, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa.

"Alamu, tsegulani, anthu akuchedwa!"

"Phiri likugwetsa miyala kumunsiku, alamu. Zimitsani injini, mwendo upumeko."

Adadikira maola awiri. M'galimoto mudali mayi wina wopita kukaona wodwala, ndi bambo woitanidwa kukhoti amene ankangoyang'ana wotchi. Kenaka padafika galimoto yoyera ya magalasi akuda. Windo idatsika pang'ono, dzanja n'kutulutsa kanthu kokulunga m'pepala. Mlonda uja adalandira ndi manja awiri, nakweza mpiringidzo.

Tsabola magazi adawira. Foni idali kale m'manja, ikujambula.

"Ehe! Ndiye kuti miyala ya phiri lino ili ndi maso eti? Imagwera amphawi okha? Mwatigulitsa zingati, alamu?"

Anthu m'minibasi adaomba m'manja. Mlamu wake adangoti, "Tikakambirane kunyumba." Koma Tsabola adali atatumiza kale kanemayo kumagulu onse a madalaivala. Tsiku lonse anthu ankamuimbira foni kumuyamikira kuti ndi mwamuna, saopa ngakhale wachibale. Iye zidamukomera zimenezo, tisabise.

Lachisanu mlamu wake adachotsedwa ntchito.

Loweruka Tsabola adapita kwa achemwali ake, atakonza kale mawu oti chilungamo sichiona nkhope. Adawapeza akukoka bedi kulichotsa podontha. Pansi padali mabeseni atatu, lililonse likulira mwake. Moni sadamupatse. Adatenga kaphukusi pashelufu n'kukaponya patebulo. Pepala lidafunyululuka, ndipo mudatuluka mabatire awiri.

"Ziphuphu zako ndi izo. Tafuna."

Mlamu wake adali pampando, akupukuta nsapato zonyowa. Adafotokoza mosakweza mawu. Wailesi imene amalankhulira ndi mlonda wa kumunsi kwa phiri idatha moto masabata atatu apitawo, ndipo iye adapempha mabatire mpaka kutopa. M'galimoto yoyera ija mudali bwana wa misewu mwiniwake, yemweyo amene adalamula kuti msewu utsekedwe. Ndiye adabweretsa mabatirewo, ndiyenso adati tsegula. Kanema atafalikira, bwanayo adati galimotoyo sakuidziwa, nasainira kalata yomuchotsa ntchito. Mabatirewo mlamuyo adabwera nawo kunyumba ngati umboni.

"Nanga bwanji osanena pomwepo, alamu?"

"Ndinene chiyani? Inu mumafunsa mutayankha kale."

"Uyu adabadwa pakamwa pali patsogolo," adatero achemwali ake. "Ndimayesa akakula mutu udzapapeza."

Tsabola adayang'ana mabeseni.

Lolemba adasiya minibasi pasiteji, nayenda mumvula mpaka kuofesi ya misewu. Adaima pamaso pa kalaliki madzi akuchucha m'malaya.

"Abwana ali kumsonkhano."

"Ndidikira."

Adakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, ngati lidaliko n'komwe. Pomaliza kalaliki adamumvera chisoni, kapena adangotopa naye.

"Achimwene, kanemayu ndi wabodza?"

"Si wabodza, koma mudali mabatire. Ndipo m'galimotomo mudali abwana anu."

"Chabwino. Tandionetsani nambala ya galimoto."

Tsabola adatsegula foni. Adaonera kamodzi, kawiri, kachitatu. Nambala padalibe. Nkhope ya m'galimoto padalibe. Mphindi ziwiri zathunthu, ndipo monsemo adaloza foni pa munthu mmodzi yekha: manja a mlamu wake, jekete lake long'ambika paphewa, nkhope yake ikuchucha mvula. Wa magalasi akuda uja sadamuyandikire ndi phazi limodzi lomwe. Iye amene amati amamenyera amphawi, adasankha mmphawi woti ammenye.

"Ndiye tilembe chiyani?" adafunsa kalaliki, akutseka kabati.

Tsabola adajambula kanema wina, akufotokoza zonse, akudzitukwana yekha. Woyamba uja adaonedwa ndi anthu masauzande. Wachiwiriyu adaonedwa ndi anthu khumi ndi anayi, ndipo mmodzi adalemba kuti, "Akudyetsa nawenso."

Lachinayi mvula idachepako, msewu udatsegulidwa. Tsabola akutsetsereka ndi anthu odzaza, adaona mlamu wake ataima m'mbali mwa msewu, chikwama chachikulu chili pamapazi, pepala la pulasitiki lili kumutu. Ankapita kutauni ya kumunsi kukafuna ntchito ya ulonda. Tsabola adaponda buleki mpaka anthu kugundana mitu. Adapempha bambo wa kutsogolo kuti asunthe, natsegula chitseko.

"Kwerani, alamu. Malo alipo."

"Pitani, alamu. Ndidikira ina."

"Ina ichedwa. Mvula ikubweranso iyi. Alamu, chonde, ndidalakwa ine."

"Ndamva. Yendani bwino, potsetsereka pakuterera."

Sadanene mokwiya. Akadakwiya bwenzi zili bwino.

"Adalaivala, tiyeni!" adakuwa wina kumbuyo. "Kapena mukufuna kumufunsira?"

Anthu adaseka. Tsabola adatseka chitseko, nalowetsa giya. Pagalasi adaona mlamu wake akusuntha chikwama kuchichotsa pamadzi, mpaka nkhungu idamumeza.