Weji Yothawa Chammbuyo

Aphunzitsi a masamu anawasenzetsa fizikisi ya kalasi yomaliza, mwini phunziro atadwala. Masabata atatu zinayenda bwino, mpaka anafika pa funso la weji.

Funsolo linkaoneka lofatsa. Kabuloko katsetsereka pa weji, thabwa lija la ngodya zitatu, ndipo palibe kukhulana kulikonse. Pezani mmene liwiro la kabulokoko likuwonjezekera. Iwo anapeza yankho lawo, buku linali ndi lina. Lachisanu mtsikana wokhala kutsogolo anafunsa chifukwa chake, Aphunzitsi n'kuti, "Lolemba." Tsopano Lolemba linali litakwana, ndipo mantha anali atawagwira. Ana akakutulukira kuti ukungoloweza, sakumveranso.

Amuna awo, kalipentala wosamva za m'buku, nkhaniyi inawapweteka ngati yawo. Kuyambira Loweruka ankapala ndi sandipepa weji yoti ayesere funsolo, uku akung'ung'udza.

"Thabwa lopanda kukhulana? Wolemba bukuyu sanagwirepo thabwa, mayi. Ine zaka makumi awiri sindinalione."

"Ingopalani, bambo. Maganizo anu sindinawapemphe."

Mmawa wa Lolembalo akalipentala anamasula chitseko cha kabati chokhala ndi galasi, n'kuchigoneka patebulo pakati pa makapu a tiyi. Anapaka galasilo madzi a sopo, anakhazikapo weji yopaka polishi, n'kuika kabuloko pamwamba. Kanatsetsereka bwinobwino. Anabwereza kachiwiri, kachitatu, akuyang'ana akazi awo ngati mwana wofuna kuyamikiridwa.

Aphunzitsi sanaone chachilendo. Kenako maso awo anagwera pa dzanja lamanzere la amuna awo: chala chachikulu chinali chitapanikiza weji kumbuyo. Mmisiri salola thabwa kuyendayenda, dzanja limagwira lokha.

"Bambo, chotsani chalacho."

"Ithawatu."

"Chotsani!"

Anachotsa. Kabuloko kanatsikira kumanja, weji n'kuseserekera kumanzere, kukagunda mbale ya shuga.

"Mwaona? Ndinanena ine."

Aphunzitsi anali atalanda kale pensulo ya kukhutu kwa amuna awo. Masiku atatu onsewa, nawonso ankaigwira wejiyo m'masamu awo, ngati kuti anaikhomera pansi. Buloko likamakankha weji, weji imabwerera, choncho malo otsetserekawo amalithawa. Analemba mizere isanu ndi umodzi kuseri kwa sandipepa, yankho n'kufanana ndi la m'buku.

Anaseka mpaka kukhosomola. Anamukonda mwamuna wa utuchi m'tsitsiyu kuposa mmene akanathera kunena nthawi yopita kusukulu itakwana chonchi.

"Nyamulani chitseko, tizipita."

"Kusukulu? Ndi malaya awa? Ana andiseka."

"Akusekani, inde. Koma wina ayenera kugwira weji, kenako n'kuisiya, ndipo palibe amene amaisiya mowawidwa mtima ngati inu."

Akalipentala anayang'ana malaya awo, anayang'ana akazi awo, n'kusenza chitseko.