Ng'oma ya Kuseri kwa Katani

Pak Warsito anaimba ng'oma zaka makumi awiri m'gulu loimba nyimbo zovina za dangdut la Bu Endang m'tauni ya Nganjuk. Gululo litayamba kuika makanema pa intaneti, mayiwo anawauza kuti nkhope yawo siikoka anthu pafoni, poti mano awiri akutsogolo kulibe. Eti mano! Ng'oma amaimba ndi mano kodi?

Ndiye anawakhazika kuseri kwa katani ndi ng'oma zawo. Kutsogolo anaikako Mas Galih, wogulitsa mafoni watsitsi lonyezimira, kuti azigwedeza manja pang'oma zodzaza nsanza zosatulutsa mawu. Makanemawo anawanda. Akazi awo a Warsito ankawawerengera ndemanga pakhonde: manja a Mas Galih ndi mphezi, Mas Galih ndikwatireni. Mkuluyo mtima unkamuwawa zedi. Zala zong'aluka n'zake, dzina la wina.

Loweruka masana anali paukwati wa mwana wa mwini chigayo cha mpunga, zonse zikuonetsedwa pompopompo pa intaneti. Nyimbo inafika paja woimba amaitana wang'oma ndi dzina kuti ayankhe yekha ndi manja, anthu apenge. Wiwik, woimba amene Warsito yemweyo anamuphunzitsa kutsata ng'oma, anatembenuka akumwetulira.

"Tiyeni nazo, Mas Galih!"

Pak Warsito anaika manja pamaondo. Kunangoti zii. Galih anamenya nsanza zake ndi mphamvu zonse, tsitsi likuuluka, thukuta kamukamu, koma osamveka kanthu. Ovina anaima miyendo ili m'mwamba. Bu Endang anasuzumira kuseri kuja maso ali psuu, n'kunong'ona kuti akapanda kuimba pomwepo ntchito yatha.

"Aitana Galih, Bu," anatero Warsito. "Ayankhe Galih."

Wiwik anayang'ana katani ija, manyazi atamugwira, n'kukweza maikolofoni.

"Pak Warsito, chonde."

Ng'oma inalira moti akuchikazi anasiya mbale za mpunga n'kukalowa m'bwalo. Galih anali atapinda kale manja, anthu onse akuona.

Ntchito inathadi tsiku lomwelo. Bu Endang sanawapatse ngakhale phukusi la chakudya cha paukwati, nkhanza zake! M'mawa mwake akazi awo anatsegula foni pakhonde paja, n'kupeza ndemanga mazanamazana zikufunsa chinthu chimodzi: Warsito ameneyu ndani?

Mkuluyo anaika kapu ya khofi pansi.

"Tawerenganso, mkazi wanga. Pang'onopang'ono."