Matabwa a Bokosi la Ababa

Bambo anga, a Harold, anakonzekera maliro awo asanadwale ngakhale chimfine. Atapuma pantchito yophika kuhotela ina ya ku Makokola, anakwera matola kupita ku Namwera n'kubwerako ndi matabwa a mlombwa, akuti a bokosi lawo. Anawasanja pansi pa bedi, ndipo anagona pamwamba pake zaka ndi zaka ali ndi thanzi loposa tonsefe m'nyumbamo.

Mlendo aliyense ankamusololera thabwa limodzi, afune asafune.

"Taligwirani," ankatero. "Chiswe chinadya chitseko, chinadya mpando, koma apa chimangonunkhiza n'kubwerera. Silipindika, siling'aluka. Tamvani kafungo kakeko!"

Ine zinkandinyansa. Munthu wabwera kudzapempha mchere, iwe n'kumamugwiritsa bokosi lamaliro?

Ndine Tikhala, mwana wawo woyamba. Amuna anga anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, koma anasiya boti, ndipo botilo ndi limene linkadyetsa ana anga, bambo angawo, komanso mabanja a alovi, asodzi amene ankapita nalo panyanja. Chakudza sichiyimba ng'oma. Mwera wa mu Julayi unadula chingwe cha botilo n'kukalimenyetsa pamiyala, pansi ponse n'kuphwasuka. Utaka unali utayamba kugwidwa, anzanga akuyanika pamathandala, ine ndikungoyang'ana.

Che Jaffalie, mmisiri wa maboti padooko lathu, analizungulira botilo akupukusa mutu.

"Amayi, apa patha. Paini alipo kuboma, koma mukumudziwa, amamwa madzi ngati buledi mu tiyi. Chaka chamawa mudzandipezanso. Ukanapezeka mlombwa, wallahi, mukanakalamba nalo. Koma mlombwa lero mungauone kuti? Anamaliza amakala."

Kunyumba ndinangofotokoza, sindinapemphe kanthu. Pakamwa panga n'poipa, koma sipangafike popempha bokosi la bambo wondibereka. M'mawa mwake ndinapeza matabwa onse ali pakhonde, ababa akuwapukuta fumbi ndi malaya akale.

"Ababa, n'chiyani ichi?"

"Itana wa ngolo. Wakufa sadziwa thabwa, koma wanjala amadziwa nsomba."

Ndinalowa m'nyumba kukalira, chifukwa ndinkadziwa mmene ankawakondera matabwawo.

Che Jaffalie anagwira ntchito akuimba. Ankati mlombwa ndi mtengo waulemu: randa imangoyenda, msomali umalowa osang'amba, komanso sulemera ngati tsanya kapena muwanga. Atakhoma, anamata mipata ndi thonje ndi phula, kenako tinalikankhira m'madzi kuti ligone momwemo monga timachitira ndi boti lililonse lokonzedwa kumene.

Kutacha, timadzi timene tinalowa m'botimo tinali tofiira ngati totsukira nyama.

Davide, mkulu wa alovi anga, anasuzumira n'kubwerera chafutambuyo. Munthu wamkulu, chifuwa ngati chitseko, amene anapulumuka mwera kangapo konse, milomo ili gwa.

"Amayi, ife ayi. Matabwa awa tikuwadziwa, madala anatigwiritsa tonse. Anaitanidwa kuti anyamule mtembo, ndipo akudikira mtembo. Onani, ayamba kale magazi."

Che Jaffalie anaseka mpaka kofiya kugwa. "Iwe Davide, unakulira m'madzi eti? Mlombwa umatero! Kutchire ukautema umatuluka utomoni wofiira, anthu amapaka pa zipere. Ukanyowa umasuluka pang'ono, kenako basi."

"Inu mukunena chifukwa kwanu Asilamu simuika maliro m'bokosi," anayankha Davide. "Komanso inu mumakhoma chabe, okwera ndife."

Aloviwo ndinawanyengerera, ndinawatukwana, ndinabwera ndi mkulu wa mpingo kudzapemphera. Onse anavula zipewa, anati ameni mwamphamvu, koma kukwera ayi. Ndinafunsa alovi a madooko ena mpaka ku Monkey Bay, koma nkhani inali itanditsogolera. Ana amudzi anayamba kulitchula kuti Bokosi. Sabata inatha, ina n'kuyamba, ufa ukutsika m'thumba, ndipo ndinamva kuti Davide akulankhula ndi mwini boti wina. Akanapita iyeyo, onse akanamutsatira.

Ndinafika poganiza zouza Che Jaffalie kuti azule matabwawo tiikepo paini. Ababa atamva anandiyang'anitsitsa, ine n'kumaganiza kuti akwiya.

Lolemba m'mawa, padooko pali anthu ambiri, ndinangomva amayi ogula nsomba akuti, "Taonani uko!" Ababa anali akutsika pamchenga ndi ndodo yawo, atavala suti yawo yakuda imene ankasungira tsiku lomwelo la bokosi, tayi ndi nsapato zomwe. Moni sanapereke kwa aliyense. Analowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kudzikokera m'boti movutikira, n'kukhala pansi penipeni pamatabwa awo.

"Davide!" anaitana. "Bokosili ndi langa. Ngati likufuna munthu, mwini wake ndine, ndipo ndafika. Silingasiye ine n'kutenga iwe. Ndiwe ndani iwe? Bweretsa ukonde tizipita."

Anthu anaseka, koma ine mtima unali m'mwamba. Ababa moyo wawo wonse anali wa m'khichini, kusambira kwawo n'kwa nkhuku.

"Ababa, tsikani! Mukundichititsa manyazi."

"Manyazi ndi boti lokhala pamtunda utaka uli m'nyanja. Ndikhala pompano mpaka wina andipalase."

Dzuwa linakwera, iwo ali chikhalire, thukuta lili chuchuchu m'sutimo. Amayi ena anayamba kuwazazira alovi kuti amuna otani osiya nkhalamba ikupsa. Davide anayang'ana pansi, anayang'ana kumwamba, kenako anachita chizindikiro cha mtanda n'kukasenza ukonde. Enawo anamutsatira mmodzimmodzi ngati ana opita kukabayitsa jakisoni.

Ndinaima pamchenga osadya kanthu, maso ali pa kadontho kakuda kutali uko. Ndinayamba kuganiza kuti bwanji ngati Davide amanena zoona. Ine amene ndinkawatukwana alovi chifukwa cha mantha, mantha omwewo anandigwira inenso. Che Jaffalie anabwera kudzaima pafupi nane, osaseka tsopano.

"Limbani mtima amayi. Insha Allah abwera. Ndakhoma ndekha."

Anabwera masana, nyimbo ikumveka boti lisanaoneke bwino. Utaka sunali wambiri, koma unali utaka, ukuphiriphitha pamatabwa ofiira aja. Ababa anali atasanza kawiri, tayi ili kumsana, suti yonse mamba okhaokha, nkhope ikuwala ngati ya mwana. Miyendo inawakanika kuima, ndiye Davide anawabereka kumsana n'kuwoloka nawo mpaka pamchenga.

Ndinathamanga ndili ndi mawu ambiri owakalipira, koma nditafika mawu onsewo anathawa, ndinangogwada n'kuyamba kuwavula nsapato zonyowa.

"Amayi," anatero Davide akupuma mwawefuwefu, "pansi pake n'pouma. Sitinakape madzi ngakhale kamodzi. Mawa tilawirira."

Ababa anamugwira mkono asanachoke.

"Mudzanditengenso. Zaka zonsezi ndimangoikazinga nsomba, sindinkadziwa kuti kumene imachokera n'kokongola chonchi."