Khutu Lakumanja la Ambrose

"Amayi, timasiponji ta m'makutu ta Ambrose musamatikhudze. Mwanayu khutu ali nalo limodzi."

Anatero Lilian, mwana wanga, akumanga nsapato pakhomo kuti akakwere basi ya ku Mississauga kumene amasamalira okalamba. Anali atandipeza ndi kabokosi ka timasiponjito m'manja, nditaima pafupi ndi bini. Ndinakabwezera pashelefu, n'kuyankha kuti ndamva. Koma mumtima ndinali nditagamula kale.

Ambrose ndi mdzukulu wanga, mwana yekhayo wa Lilian. Anabadwira ku Ntcheu, m'manja mwangamu. Asanakwane zaka zitatu, khutu lake lakumanzere linatuluka mafinya dzinja lonse mpaka linafa. Kenako mayi ake anamutengera kuno ku Canada. Pamene Lilian anandiitanitsa kuti ndidzakhale nawo ku Etobicoke, ndinapeza chimnyamata chandevu, Chichewa chake chotsimphina. Ine Chingerezi ndilibe, kusukulu sindinapondeko. Ndiye Loweruka lililonse m'mawa ankakhala nane patebulo, tikusankha nyemba, khutu lakumanja atalilozetsa kwa ine, kuti ndimuwongolere lilime. Ndinkamutchula amuna anga, monga timachitira ndi zidzukulu kwathu. Atazolowera, nayenso ankalowa m'nyumba akufuula, "Akazi anga, mwandiphikira chiyani?"

Dziko lino n'loopsa, ngakhale eni ake saona. Chikepe cha m'nyumba zosanja chimatha kuima pakati pa ulendo. Pamasitepe pamaundana madzi osaoneka. Sitima yapansi imatulukira mwadzidzidzi ngati njoka kuuna. Zonsezi ndinkawachenjeza tsiku ndi tsiku, iwo n'kumaseka. Koma choopsa kuposa zonse chinali njinga yamoto ya Ambrose. Ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Hamilton, ulendo wa ola lathunthu pamsewu waukulu, ndipo chisanu chikangotha ankasiya sitima n'kutulutsa njingayo.

Njinga yokhayo ndikanapirira. Chimene sindinathe kupirira n'zimene ankachita pakhomo asanatuluke. Ankatenga kasiponji kachikasu, n'kukafinya ndi zala, n'kukakankhira m'khutu. Kenako kena khutu linalo. Akatero ankavala chisoti, n'kukoka lamba wake pansi pa chibwano mpaka kukamwa kutseke.

Kwathu ndakhala mmodzi mwa amayi osambitsa maliro zaka zopitirira makumi awiri. Ndikudziwa amene amaikidwa thonje m'makutu. Timayamba m'mphuno, kenako m'makutu, pomaliza timamanga chibwano ndi kansalu. Manja angawa achita zimenezi kwa mng'ono wanga, kwa apongozi anga, kwa atsikana amene ndinawaona akubadwa. Ndiye m'mawa uliwonse ndizimuona mdzukulu wanga akudzikonza yekha ngati mtembo, kenako n'kupita kukathamanga pakati pa malole?

"Amuna anga, amenewo ndi malodza," ndinamuuza. "Wamoyo satseka m'makutu. Mukuyiitana imfa."

"Agogo, mphepo," anatero, akukupiza dzanja pafupi ndi mutu. "Imasokosa kwambiri pa highway. Imapha khutu. Dokotala anati ndizi-protecta."

"Mphepo inaphapo khutu la ndani? Ife takulira kumapiri a Ntcheu, mphepo yake yozula madenga, koma tikumva mpaka lero. Nanga galimoto ikakuimbirani belu?"

"Ndimamva belu. Ambulansi ndimamva. Mphepo yokha imachepa." Anandipsompsona pamphumi. "Akazi anga nsanje. Mukufuna ndizimva inu nokha."

Anapita. Ine ndinatsala pawindo mpaka phokoso la njinga litazilala.

Lamulungu lina, titatuluka m'tchalitchi, tinakhala m'holo kumwa tiyi. Panali a Harry, bambo a ku Thyolo amene amayendetsa lole kuwoloka malire kupita ku America. Ndinawakokera pambali n'kuwafotokozera.

"Aa, mayi, zimenezo n'zovuta," anatero akutafuna mandasi. "Kutsidyaku kuli madera ena, apolisi akakupeza watseka makutu onse awiri uli pamsewu, amakuimitsa. Ndi mlandu."

"Mwamva?" ndinamukoka Ambrose malaya. "Ngakhale boma la azungu likudziwa."

"Ndati madera ena, mayi, kutsidya," anatero a Harry. "Za kuno sindinanene. Ndipo kwinako akuti anasinthanso."

Ambrose anatulutsa foni, n'kuyamba kuwerenga zinthu m'Chingerezi, Lilian akundimasulira. Ankati wafufuza, kuno palibe wapolisi angamugwire chifukwa cha siponji, ndipo ngakhale kumene amaletsako anthu akudandaula kuti lamulolo likugonthetsa okwera njinga. Ine zonsezo sindinazisunge. Ndinasunga mawu awiri okha a Harry: ndi mlandu.

Lolemba lake, Lilian atapita kuntchito, ndinataya kabokosi konse m'dzenje la zinyalala la m'khonde. Ambrose anafunafuna, sanandifunse, anatuluka makutu ali pamtunda. Ndinathokoza Mulungu. Masiku atatu ndinadya bwino.

Tsiku lachinayi ndinaima pakhonde lathu la pamwamba kumuyang'ana akupita. Maso anga pafupi saona bwino, koma patali amaona. Atafika pakona, pamene pali sitolo ya mankhwala, anaimitsa njinga, anavula chisoti, anapisa m'thumba. Ndinaona dzanja likupita kukhutu, kenako kukhutu linalo.

Tsiku limenelo sindinadye. Mankhwala anga a BP sindinamwe. Mawa lakenso chimodzimodzi. Lilian sabata imeneyo ankagwira ntchito yowirikiza, sanazindikire msanga. Ambrose ndiye anazindikira. Anabwera ndi mbale ya phala kuchipinda kwanga, ndinatembenukira kukhoma.

"Agogo, idyani. Please."

"Ndidyerenji? Ndikhale ndi mphamvu zodzakusambitsa? Bola nditsogole ine."

"Musanene choncho."

"Ndinakuona pakona."

Mutu unkandizungulira. Kenako ndinamva wagwada pambali pa bedi, chimunthu chachikulu chija.

"Chabwino. Ndasiya."

"Lumbira."

"Ndalumbira, agogo. Sindivalanso. Idyani."

"Mayi ako usawauze. Angandibwezere ku Ntcheu."

Anatulutsa timasiponji m'thumba la jekete n'kundipatsa m'manja. Ndinadya phala lija lonse.

Mwana ameneyu sanama. Ena akanalumbira pakamwa pokha n'kusintha kona. Iye ayi. Chaka chimenecho anayenda choncho mpaka masamba atayoyoka, kupita ndi kubwera, masiku asanu pasabata. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Madzulo akafika ndinkamukoka khutu ngati ndikuseka, koma ndikusuzumira m'kati. Ngozi sanachitepo ngakhale imodzi, ndipo ine ndinkati ndi chifukwa changa.

Zizindikiro zinalipo, ine wochenjeza anthu sindinaziwerenge. Akafika ankakhala pampando atagwira mutu, osafuna kulankhulitsidwa mpaka patapita nthawi. Wailesi yakanema inayamba kukwezedwa. Ketulo inkalira iye ali pomwepo, osatembenuka. Loweruka lina tikusankha nyemba anandifunsa dzina la kachilombo kamene kamalira m'mitengo nthawi yotentha.

"Nyenje," ndinatero.

"Nyenje. Ili m'khutu langa, agogo. Siisiya."

Ndinamuthira mafuta ophikira ofunda m'khutumo, n'kumupempherera. Ndinamuuza kuti asamasambe madzi ozizira.

Zinaululika kumapeto kwa chaka chachiwiri, pamene kuntchito kwake anayeza makutu a antchito onse n'kumutumiza kuchipatala. Tinapita atatu. Anamulowetsa m'kachipinda kagalasi, atamuveka zinthu kumutu, atamupatsa kabatani koti azidina akamva kulira. Ine ndinali kunja ndikumuona. Poyamba ankadina. Kenako dokotala, mayi wachimwenye wa tsitsi la imvi, ankapotoza makina ake, n'kumuyang'ana, Ambrose ali phee, chala chili m'mwamba, akudikira kulira kumene kunali kutalira kale.

Atatuluka, dokotala anamufunsa mafunso. Lilian anayankha msanga m'malo mwake, akugwedeza mutu. Ndinamva mawu akuti njinga m'Chingerezi chawocho, ndinawadziwa. Ambrose anayang'ana pansi, n'kunena kanthu kafupi. Nkhope ya Lilian inasintha.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti kuntchito amavala zoteteza, koma panjinga wakhala osavala zaka ziwiri." Anatembenukira kwa mwana wake. "Chifukwa chiyani? Ambrose! Ndikufunsa iwe!"

"Ndinkaiwala," anatero m'Chichewa, kuti inenso ndimve.

Lilian anandiyang'ana. Ndi mwana wanga, amandidziwa. Tili m'galimoto, Ambrose atapita kukalipira poimika, ndi pamene analankhula, manja ali pachiwongolero, osandiyang'ana.

"Munamulumbiritsa."

"Ndinkamuteteza. Unkafuna ndizingoona akudzikonza ngati maliro?"

"Dokotala akuti zimene zafa m'khutumo sizidzukanso, amayi. Sizidzukanso. Amupatsa kamakina kothandiza kumva, koma sikabweza zonse."

"A Harry ananena kuti ndi mlandu."

"Musatchule a Harry."

Ambrose analowa, tinanyamuka kupita kunyumba.

Njinga anaigulitsa. Kamakina anamupatsa, kakang'ono ngati nyemba, kokhala kuseri kwa khutu. Ntchito sanamuchotse. Ndi anzake amacheza, ndi mayi ake amamvana, chifukwa Chingerezi ndi chake: akamva theka la mawu, theka linalo amalidziwa kale, amalitola pamilomo. Koma Chichewa anachiphunzira ali wamkulu, alibe poti n'kutolera zimene zamudutsa. Ndiponso akuti mawu a nkhalamba ngati ine, opyapyala, otuluka m'kamwa mopanda mano, ndi amene khutu lotere limayamba kutaya. Loweruka ankabwerabe patebulo. Ndikalankhula ankamwetulira n'kuvomera. Ndikamufunsa funso ankavomeranso. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale limodzi, ndipo zimenezo n'zimene zinkandipweteka.

Chaka chathachi anapeza mbeta, Tiyanjane, mtsikana wa ku Zomba wogwira ntchito pabwalo la ndege. Kutatsala masiku awiri kuti achite chinkhoswe, ndinamuitanira Ambrose kuchipinda kwanga masana n'kutseka chitseko. Pali mawu amene mnyamata amauzidwa asanalowe m'banja, a m'nyumba, a kuchipinda, a mmene mwamuna amakhalira ndi mkazi akadwala, akakhala ndi pakati, akabereka. Mawu amenewa mayi womubala sanganene, ngakhale kuwamva akunenedwa kwa mwana wake sangathe. Amalume ake ali ku Ntcheu. Kuno wonena ndinali ine ndekha, ndipo ndinali nditawasunga kuyambira tsiku limene ndinamuona ndi ndevu.

Anakhala pamphepete pa bedi, n'kundilozetsa khutu lakumanja. Ndinayamba pang'onopang'ono. Ankandiyang'ana pakamwa, nsidze zitakumana.

"Pepani agogo. Bwerezani."

Ndinabwereza. Anakweza kamakina kake mpaka kanalira tswii, anakatsitsanso. Ndinasendera pafupi, milomo kukhutu kwenikweni, koma ndikatero sankaona pakamwa panga. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinakweza mawu, kenako ndinakumbukira kuti Lilian ali kukhitchini, khoma lake lopyapyala. Mawu amenewa safuulidwa.

"Mkazi akakhala chiyani?" anafunsa.

Ndinanenanso kachitatu. Anapukusa mutu, n'kuimirira.

"Ndiitane amami. Amasulire."

Ndinamugwira dzanja. "Ayi. Khala pansi."

Anakhala. Ndinalankhula mpaka kumapeto, zonse, monga mmene anandiuzira agogo anga ndi mmene ndinaonera ndekha m'banja, mawu ali pansi monga mwa mwambo wake. Iye anandigwira dzanja nthawi yonseyo, akugwedeza mutu pamene sipafunika kugwedeza. Nditamaliza anawomba m'manja katatu, mwaulemu, monga ndinamuphunzitsira.

"Zikomo agogo. Ndamva."

Anatuluka kukathandiza mayi ake kunyamula mipando yopita kuholo. Ine ndinatsala pabedi, chitseko chili chotsegula, ndikumva akuseka m'Chingerezi m'khonde.