Masamba a Pansi pa Matiresi

"Mchimwene wanga mwamupha ndinu, alamu! Umboni ndi uwu!"

Azakhali a Hellen anaponya mtolo wa manyuzipepala pakati pa bwalo. Mtolowo unamasuka, ndipo munatuluka masamba ouma, ndi mizu yomwe. Linali tsiku lometa, patapita masiku atatu chiikireni maliro a Bizwell Chikoti. Amayi amene ankasesa m'nyumba ya malemuyo ndiwo anapeza zimenezi, ponyamula matiresi kuti akayanike padzuwa.

Tisiyenji, mwana woyamba wa malemuyo, ankachokera ku mjigo ndowa ili pamutu. Anaona mayi ake, a Jenipher, atakhala pamphasa chozolika, manja ali pamiyendo.

"Munthu wamphamvu zake, kungogwa m'dimba ngati thumba?" azakhaliwo anapitiriza. "Achipatala akuti kuthamanga kwa magazi. Magazi alekerenji kuthamanga munthu akugonera mizu? Bweretsani moto tiwotche zimenezi. Ndipo inu tikusudzulani lero lomwe, mubwerere kwanu ku Kabudula."

A Jenipher anakwatiwa chitengwa. Nyumba, munda ndi dimba zinali pamalo a kuchimuna kuno ku Nsaru, ndipo ngakhale anakhalapo zaka makumi awiri ndi zisanu, kutsala kapena kuchoka kwawo kunali m'kamwa mwa abale a mwamuna.

"Ndakuuzani kale, alamu," anatero a Jenipher ndi mawu osasa. "Ndi za sukulu ya mwanayu."

"Sukulu ya mizu? Nanenso sukulu ndinaipondako. Tinkanyamula mabuku."

Tisiyenji anatula ndowa mwamphamvu mpaka madzi anakhavukira m'miyendo mwa anthu.

"Amene ayatse moto pamenepa ayambe wawotcha ine."

"Iwe, ukulankhula ndi akuluakulu," anatero a Yonasi, mkulu wake wa malemuyo, amene anakhala pampando patsinde pa mango akunola lumo.

"Pepani, bambo aakulu. Koma mlandu mwaugamula musanafunse. Amayi alira mpaka mawu kuwathera, ndiye mwapezerapo mpata?"

Anagwada pansi n'kuyamba kutola mapepalawo limodzilimodzi, akuuzira fumbi. Anawafotokozera kuti ku koleji, kumene anali m'chaka chachitatu cha maphunziro a bayoloje, aliyense anapatsidwa ntchito yosonkhanitsa zomera za kwawo. Chomera chinkafunika chathunthu, kuyambira muzu mpaka duwa, chouma bwino pakati pa mapepala, komanso cholembedwa malo amene chinazulidwa ndi tsiku lake. Vuto linali lakuti zambiri zimachita maluwa nthawi ya dzinja, iye ali ku sukulu. Ndiye bambo ake anati ntchitoyo aigwira okha. Manyuzipepala ankakapempha kwa anyamata ogulitsa usipa pamsika wa Nsaru.

"Ndinawauza kuti ku koleji timapanikiza ndi matabwa awiri, n'kumanga ndi malamba. Anandiseka. Anati, 'Matabwa a chiyani? Ine ndi amako sitikulemera mokwanira?'"

A Jenipher anatulutsa kaphokoso kamene anthu poyamba anayesa kuti ndi kulira. Kunali kuseka, koyamba chichitikireni malirowo.

"Bedi linkangoti khwaa, khwaa, ngati tagona pa mapesi," anatero akupukuta m'maso. "Ndikadandaula ankati, 'Gona bwino, iwe, ukuphunzitsa mwana.'"

A Yonasi anaika lumo pansi natambasula dzanja. Tisiyenji anawapatsa pepala limodzi. M'mphepete mwake, pamene panalibe zosindikiza, panali zolemba za pensulo. Mkuluyo anatalikitsa pepalalo ndi maso n'kuwerenga pang'onopang'ono.

"'Chisoso. Kuseri kwa khola la mbuzi. Pa 4 Febuluwale.'" Anadzutsa mutu. "Hellen, chisoso si ndiwo zimene unatiphikira dzulo?"

"Ku koleji amachitcha Bidens pilosa," anatero Tisiyenji.

"Bidensi ndani? Chisoso chinabatizidwa liti ife osaitanidwa?"

Amayi amene anaima pakhonde ndi matsache anagwira pakamwa. Wina anatola pepala lina nalipereka kwa mnzake wodziwa kuwerenga. Luni, pachulu cha kumunda. Denje, m'mphepete mwa dimba. Khovani. Mpungabwi, wothamangitsira udzudzu uja. Aliyense ankazindikira chomera chimene wakhala akuchipalira moyo wake wonse, koma anali asanachionepo chitagonekedwa mwaulemu chotero, masamba atatambasulidwa ngati malaya ositidwa.

Azakhali a Hellen sanaseke nawo.

"Nanga mizu? Chisoso timadya mizu?"

"Popanda muzu aphunzitsi salandira, azakhali. Muzu umathandiza kudziwa mtundu wa chomeracho. Bambo poyamba ankangothyola nsonga ngati akukaphika, ndinachita kuwabweza kawiri." Anawayandikizira pepala. "Taonani nokha. Zolembazi ndi za amayi kodi?"

Azakhaliwo anayang'ana. Zilembozo zinali zazikuluzikulu, zopendekera kumanzere, pensulo itadindidwa mpaka kuboola pepala. Panalibe m'banjamo amene sakanazizindikira.

"Mwana uja ndinamubereka kumsana ine," anatero, mawu atatsika. "Mayi athu ali kumunda, ndinkamutafunira mbatata. Ndiye angopita choncho, osadwala, osatsanzika, popanda amene wachititsa?"

Nkhuku inadutsa pakati pa bwalo n'kujompha tsamba limodzi, ndipo a Yonasi anaithamangitsa ndi chipewa.

"Nkhani yatha," anatero. "Alamu, nyumba iyi munamanga ndi mng'ono wanga, dimba munalima naye. Palibe amene akupita ku Kabudula, pokhapokha kokacheza. Ndipo moto umene unati ubwere uja, wina ateleke tiyi."

A Jenipher anawomba m'manja mwakachetechete.

Koma Tisiyenji mtima unali usanatsike. Mayi ake anatchulidwa mfiti pamaso pa mudzi wonse, ndipo ankafuna kuti kupepesa kumvekenso pamaso pa mudzi wonse. Anatsegula pakamwa, koma mayi akewo anamugwira pa bondo.

"Tola za abambo ako, dzuwa lingaziwononge."

Anamvera, akukukuta mano. Anasanja mapepalawo motsatira masiku, kuyambira Disembala. Abambo ake sanadumphe sabata ndi imodzi yomwe. Pena ankawonjezera mawu awoawo: ichi mbuzi sizidya, ichi chimatseka masamba ukachikhudza, ichi chandiyabwa tsiku lonse, usamale. Tisiyenji anapezeka akumwetulira yekha. Ntchito imene ankaopa kuti sadzaimaliza inali itatha, ndipo inali yaudongo kuposa ya anzake onse amene anali ndi matabwa ndi malamba.

Pepala lomaliza linali lisanaume bwino. Tsiku lake linali Lolemba, kutatsala masiku awiri kuti agwe m'dimba muja. Munali kachomera kowonda, ka masamba aubweya ndi timaluwa tofiirira, kamuzu kake katatsukidwa bwinobwino. Zolemba zake zinali zazitali kuposa zonse, zinachita kukhotera m'mbali mwa pepala.

Tisiyenji anawerenga chamumtima. Kenako anadzuka, napita pamene azakhali ake anakhala okha pafupi ndi nkhokwe, nagwada.

"Ili ndi lanu, azakhali."

"Ndati ndamva. Ukufunanso chiyani?"

"Si ine. Tamverani." Anawerenga mokweza kuti onse amve. "'Kudambo, kumunsi kwa chitsime. Ichi sindikuchidziwa. Usalembe zongopeka. Ukafunse achemwali anga a Hellen, zomera zonse anandiphunzitsa ndi iwowo.'"

A Hellen anapukuta manja pachitenje, kawiri, ngakhale anali ouma. Analandira pepalalo ndi manja awiri n'kuliika pamiyendo. Ndi chala chimodzi anawongola katsamba kamene kanapindika, ndipo anakhala akuyang'ana nthawi yaitali, mutu uli pansi.

Tisiyenji anapempha pensulo kwa a Yonasi, nakhala pansi pambali pa azakhali akewo, phewa kukhudza phewa.

"Bambo akufunsani, azakhali," anatero. "Yankhani, ndilembe."