Botolo la Madzi la a Enelesi

Adokotala ku Blantyre ananena momveka: mankhwala a khansa amene a Enelesi ankalandira amapha chotupa, koma amawononganso impso ngati munthu sakumwa madzi ambiri. Mwana wawo Jessie anawagulira botolo lalikulu. Iye anali ndi khanda, choncho wowaperekeza kuchokera ku Nsambe anali mwamuna wake, Stefano.

Apa m'pamene zinalakwika. Stefano ndi mkamwini wa ulemu wonyanya, wa mtundu uja wopatukira kutchire akaona apongozi panjira. M'minibasi ankakhala kumbuyo, maso ali pazenera. Nanga mayi wamkulu ngati a Enelesi akanaimitsa bwanji galimoto kuti akataye madzi, mkamwini ali pomwepo? Msewu wa Neno nawonso ndi wa mabampu, sulola munthu kudzigwira. A Enelesi anapeza nzeru yawoyawo: tsiku la ulendo osamwa kanthu, popita ndi pobwera. Akafika pakhomo ankakhuthulira botolo lija pa nthochi, n'kulipereka kwa Jessie lopanda kanthu.

Miyendo itayamba kutupa, adokotala anayeza magazi n'kuimitsa mankhwala. Chotupa chinali chitayamba kuchepa, koma impso sizikanapiriranso. N'zowawa kunena, koma anawabweza kumudzi.

Masana ena a Enelesi ali gone pakhonde, Jessie anawawerengera za pa foni.

"Amayi, akuti asayansi akuyesa mankhwala ochokera ku ndere za m'nyanja yamchere. Amawaika m'tinthu tosaoneka ndi maso, totha kukafika ku impso n'kuziteteza."

"Akupezeka kuti?"

"Adakali kuyesa pa makoswe."

"Makoswewo ali ndi mwayi, eti," anatero a Enelesi, n'kuseka pang'ono.

Stefano anali atanjuta chapatali, monga mwa nthawi zonse. Anakhosomola, maso ali pansi.

"Amayi, ine ndinkaona kuti simukumwa. Za pa nthochi zija ndinkazionanso."

Jessie anaika foni pansi. "Za pa nthochi ziti?"

A Enelesi anakonza chitenje pa miyendo yotupa ija, nkhope atalozetsa kukhoma, chifukwa mkamwini sayang'anidwa m'maso.

"Ndinkadziwa kuti mukuona, apongozi," anatero. "Ndipo ndinkakuthokozani mumtima kuti simunafunse."