Namondwe Pamzere wa Makina

Ine ntchito yanga ndi kusamalira makompyuta akuluakulu a payunivesite, aja amawerengera akatswiri masamu oti kompyuta ya patebulo ingathe zaka osamaliza. Amakhala m'chipinda chopanda mawindo, chozizira moti ndimavala juzi anzanga panja akupukuta thukuta, ndipo mafani ake amalira tsiku lonse. Wofuna kuwagwiritsa ntchito amatumiza ntchito yake pamzere n'kudikira. Wosunga mzerewo ndi ine, ndipo sindinyengerereka. Kumbali amanditcha Mlonda. Azinditcha, ndilibe nazo ntchito.

Achemwali anga ankagwira ntchito m'nyumba yomweyi, m'maofesi am'mwamba. Ankafufuza za madzi osefukira: mvula ikagwa mwakutimwakuti, mtsinje udzaphulikira pati, ndi nyumba ziti zidzamire. Kuyambira tili ana tinkawatcha Namondwe chifukwa cha mtima wapachala, ndipo dzina lomwelo ndi limene ankalowera m'makina.

Tsiku lina anatsika, n'kuima pakhomo atapinda manja chifukwa cha kuzizira.

"Iwe, ntchito yanga ili kumunsi kwenikweni. Ikweze."

"Achemwali, pamzere palibe chibale. Dikirani masabata atatu ngati anzanu."

"Masabata atatu ndi ambiri."

"Ndi ambiri kwa aliyense. Inu mukuthamangira kuti?"

Anangondiyang'ana, osakalipa. Namondwe osakalipa, zinali zisanachitikepo. Pamenepo ndikanadzidzimuka, koma ine chitsiru ndinanyada kuti lero ndawagonjetsa. Sindinkadziwa kuti adokotala anali atawauza kale za chotupa cha m'chiwindi. Sanauze munthu, ngakhale alamu anga.

Ntchitoyo inkafunika masabata asanu ndi imodzi. Inayamba nthawi yake itakwana, ndipo iwo anatisiya itayenda masabata anayi. Werengani nokha. Ine ndawerenga kambirimbiri ndipo yankho silisintha: ndikanaikweza tsiku lija, akanaona zotsatira zake ndi maso awo, n'kutsalanso ndi sabata yathunthu. Zimenezi zimandidya mumtima mpaka lero.

Makina athu salola ntchito kuyenda masiku opitirira awiri osaima, choncho achemwali anaikonza mochenjera. Ikatsala pang'ono kudulidwa, inkasunga pamene yafika n'kudziyambitsanso yokha. Nditabwerako kumaliro ndinayatsa sikirini, ndipo pamwamba pa mzere ndinapeza Namondwe ali pantchito, ngati palibe chachitika. Kuyambira tsikulo, m'mawa uliwonse ndisanavale juzi, ndinkaweramira sikirini n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, achemwali?"

Kenaka kunabwera abwana athu, munthu wofatsa, akusisita chipepala m'manja.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Koma mukudziwa, akaunti ya munthu amene watisiya timatseka pakatha sabata. Ntchitoyi yatenga theka la makina, ndipo ophunzira akudikira."

"Kwatsala masiku khumi okha, bwana."

"Ndikumva. Komatu lamuloli munalemba ndinu."

Ankanena zoona, n'chifukwa chake ndinapsa mtima. Ndinatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaponya patebulo. Ndinawauza kuti akaitseka anditsekere kunja limodzi nayo, apeze wina woti azivutika ndi makina awowo. Anayang'ana makiyiwo, n'kuyang'ana ine, kenaka anapinda pepala lija n'kutuluka.

Lachinayi masana, makina amodzi oziziritsira m'chipindamo anafa. Kutentha kunayamba kukwera, ndipo panafunika kuzimitsa theka la makompyuta mwachangu. Sindinaganize kawiri. Ndinaimitsa ntchito ya mayi wina wofufuza mankhwala, ya anyamata oyesa kulimba kwa milatho, zonse mbwee, n'kusiya Namondwe yekha akuyenda. Foni inalira mpaka kutopa, ine osayankha. Ndinatsegula zitseko zonse, ndinabwereka mafani m'maofesi, ndinakhala pansi pakati pa makinawo thukuta lili kamukamu mpaka amisiri anafika. Chibale chimene ndinawamana ali moyo ndinawachitira atapita, ndipo sindinapepese kwa wina aliyense.

Ntchitoyo inatha Lachiwiri cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ndinadziwira mafani, amene anatsitsa mawu mwadzidzidzi. Wophunzira wa achemwali, mtsikana wa magalasi, anatsika kudzatenga mapu amene anatuluka. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ali bwino kwambiri, kuti akuonetsa msewu ndi msewu kumene madzi adzadutse. Ndinamuuza kuti chabwino, atenge azipita. Makina nawo anachita mwambo wawo, anatumiza uthenga kwa mwini ntchito womudziwitsa kuti yatha bwinobwino.

Mtsikanayo atatuluka ndinabwerera pasikirini. Pamwamba pa mzere panali mayi wa mankhwala uja. Ndinatsika mzere wonse mpaka kumunsi, ndinakweranso. Masiku onsewo ndinkamenyera kuti ntchitoyo ithe, ndipo sizinandifike m'mutu ngakhale kamodzi kuti ikatha, dzina lichoka. Kumanda sindinalire ngati mmene ndinalirira pamenepo.

Madzulo ake ndinatsegula akaunti yawo kuti ndiitseke, poti ntchito imeneyi ndi yanga, palibe wina. Makina anandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinakhala pamenepo mpaka zala zinachita dzanzi ndi kuzizira, kenaka ndinavomera.